Filimu yagulitsa matikiti a madola 200 miliyoni, nanga akuti yagwa bwanji?

Mu Novembala 2023 kampani ya Disney inatulutsa filimu yotchedwa The Marvels. Mmene inkachoka m'masinema, anthu padziko lonse anali atagula matikiti a madola pafupifupi 206 miliyoni. M'ndalama zathu amenewo ndi mametikali opitirira 13 biliyoni. Koma ku Hollywood palibe amene amainyadira. Ili m'gulu la mafilimu amene anadya mpamba, ndipo mwa onse amene Marvel Studios, nthambi ya Disney yopanga mafilimu a anthu amphamvu zodabwitsa, inali itapanga kuyambira pa Iron Man ya 2008, panalibe ina imene inagulitsa matikiti ochepa chonchi.

Munthu wa ku Ulongwe kapena ku Furancungo akamva zimenezi ayenera kudabwa ndithu. Kuno mafilimu a anthu amphamvu zodabwitsawa, a Spider-Man, a Batman, a Thor, sasowa oonera. M'nyumba zoonetsera vidiyo mabenchi amadzaza, ena n'kumasuzumira pabowo la chitseko. Ana asukulu amabereka zikwama za nkhope ya Spider-Man, ndipo malaya a Superman pa kaunjika sachedwa kutha. Ndiye chinthu chokondedwa chonchi chimaluza bwanji?

Tiyambe ndi chiwerengero chimene manyuzipepala amalengeza Lolemba lililonse. Chimenecho ndi cha ndalama zonse zimene anthu alipira pakhomo la sinema, osati zimene zalowa m'thumba la kampani yopanga filimu. Aliyense amene anapikulapo kachewere ku Tsangano n'kutsika naye kumsika wa Kwachena ku Tete amakudziwa kusiyana kumeneku. Madzulo chikwama chimatupa, koma momwemo muli ndalama za mlimi, za matumba, za anyamata okweza ndi otsitsa, za mwini lole, za msonkho wa pamsika, osaiwala mbatata imene yaolera m'matumba chifukwa cha kutentha kwa kuchigwa. Woona chikwama amati mwaphula, pamene inu mukudziwa kuti mpamba sunabwerere.

Woyamba kudula gawo lake ndi mwini sinema. Nyumba ndi yake, mipando, makina, magetsi ndi antchito ndi zake, choncho pa tikiti iliyonse amatsalapo ndi kenakake. Ku America kampani yopanga filimu imatenga theka la mtengo wa tikiti kapena kupitirirako pang'ono. M'mayiko ena gawo lake limacheperako, ndipo ku China limatsika mpaka pa 25 peresenti. Ndiye kuti pa madola 206 miliyoni aja, amene anabwerera ku Disney ndi 100 miliyoni kapena chapomwepo.

Nanga analowetsa zingati? Makampaniwa sakonda kuulula, koma The Marvels inajambulidwa ku Britain, kumene boma limabwezera opanga mafilimu gawo la ndalama zimene agwiritsa ntchito m'dzikomo, bola aonetse mabuku awo. Mabukuwo anaonetsa kuti ngakhale atachotsera zimene boma linabweza, kupanga filimuyi kunadya madola opitirira 200 miliyoni. Pamenepo sitinawerengere zotsatsa. Zikwangwani za m'misewu ya London ndi Seoul, mphindi zogula pa wailesi yakanema nthawi ya mpira, maulendo a osewera kukaonekera m'mizinda ikuluikulu, zonsezi zili ndi thumba lakelake, ndipo pa filimu yaikulu chonchi thumbalo limafika madola 100 miliyoni kapena kuposerapo. N'chifukwa chake anthu odziwa malondawa amawerengera mwachidule kuti filimu igulitse matikiti a ndalama zowirikiza kawiri ndi theka zimene inadya poipanga kuti ingobweza mpamba. Ya madola 200 miliyoni ikufunika 500 miliyoni. Ikafika pa 400 miliyoni, anthu oionera akhala mamiliyoni ambirimbiri, koma eni ake akukandabe mutu.

N'zoona kuti filimu ikachoka m'masinema imapitirira kubweretsa ndalama. Amaigulitsa ku mawailesi akanema, kwa oonetsa pa intaneti, ku makampani a ndege, ndiponso pali zidole ndi zovala. Koma mtengo wa zonsezi umatsatira mbiri imene filimuyo inapanga m'masinema. Imene inagwa pachiyambi, ogula amaitsitsa mtengo.

Chimadya ndalama zonsezi n'chiyani? Osewera otchuka amalandira zochuluka, inde, koma chachikulu ndi zithunzi zopanga pa kompyuta. Munthu wouluka, mzinda wogumuka, chilombo chotuluka m'nyanja, zonsezi amazijambula anthu mazanamazana, nthawi zina masauzande, m'makampani a ku London, Vancouver, Montreal, Mumbai ndi Wellington, kwa miyezi yambiri. Choipa china n'chakuti tsiku lotulutsa filimu amalilengeza kudakali zaka, nthawi zina nkhani yake isanalembedwe n'komwe. Akaonetsa anthu ochepa kuti amve maganizo awo, anthuwo n'kunena kuti mathero sakukoma, amaitananso osewera kudzajambula kachiwiri, ndipo a makompyuta aja amayambiranso ntchito usiku ndi usana.

Chitsanzo chimene chimandiseketsa mpaka lero ndi cha Justice League ya 2017. Wotsogolera kujambula, Zack Snyder, anachoka ntchito isanathe chifukwa cha zovuta za pabanja, ndipo Joss Whedon amene analowa m'malo anajambulanso mbali zambiri. Pa nthawiyo Henry Cavill, amene ankasewera Superman, anali atasunga ndevu za kumlomo chifukwa cha filimu ina ya Mission: Impossible, ndipo kampani ya filimu inayo inakana kuti amete. Anamujambula Superman ali ndi ndevu zakezo, kenako n'kulipira akatswiri kuti azifufute pa kompyuta chithunzi chimodzichimodzi. Mlomo unatuluka wachilendo moti anthu ankauseka pa intaneti. Filimuyo akuti inadya madola pafupifupi 300 miliyoni, n'kugulitsa matikiti a 657 miliyoni. Kwa filimu ina iliyonse chimenecho chikanakhala chisangalalo. Kwa iyi kunali kuluza.

Sabata yachiwiri

Mafilimu amenewa amatuluka tsiku limodzi m'masinema masauzande ambiri, ndipo masiku atatu oyamba, Lachisanu mpaka Lamlungu, amakhala a anthu okonda zinthuzi ndi mtima wonse. Amenewa sadikira kumva kwa wina. Amagula matikiti kudakali masabata, ena n'kubwera atavala zovala za ngwazi yawo. Kubwera kwawo sikusonyeza kuti filimu ndi yabwino, kumangosonyeza kuti inatsatsidwa bwino ndiponso kuti dzina lake ndi lodziwika.

Chiweruzo chenicheni chimabwera sabata yachiwiri, oyamba aja atabwerera kuntchito ndi kusukulu n'kuuza anzawo zimene anaona. Batman v Superman ya 2016 inatsegula ndi madola 166 miliyoni ku America ndi Canada, chiwerengero chachikulu kwambiri, koma kumapeto kwa sabata yotsatira inatsika ndi 69 peresenti. Ant-Man and the Wasp: Quantumania ya mu Febuluwale 2023 inatsikanso chimodzimodzi. The Marvels inayamba kale motsika, ndi madola 46 miliyoni, kenako n'kugwa ndi 78 peresenti. Mwini sinema akaona chipinda cha mipando 300 muli anthu 20 sachita kufunsa. Amaisamutsira filimuyo m'kachipinda kakang'ono, kapena kuchepetsa maulendo oionetsa patsiku, chipinda chachikulu n'kupatsa ina. Zikatero ngakhale munthu amene amafuna kuiona amapeza kuti ikuonetsedwa nthawi imene iye ali kuntchito.

Ku America kuli kampani yotchedwa CinemaScore imene imafunsa anthu potuluka m'sinema usiku woyamba kuti aipatse filimu malikisi, kuyambira A+ mpaka F. Popeza ofunsidwawo ndi okonda kale aja, amapatsa mowolowa manja. Black Panther ya 2018 inalandira A+, chimodzimodzinso Avengers: Endgame. Ndiye filimu yotere ikalandira B, kusukulu tikanati wakhoza, koma apa ndi chenjezo lakuti ngakhale abwenzi atuluka akung'ung'udza. Batman v Superman, Quantumania, The Flash ndi The Marvels zonse zinalandira B. Joker: Folie à Deux ya mu Okutobala 2024 inalandira D. Joker yoyamba, ya 2019, inapangidwa ndi madola osapitirira 70 miliyoni n'kugulitsa matikiti opitirira 1 biliyoni. Yachiwiriyi inadya pafupifupi 200 miliyoni, ndipo anthu amene ankayembekezera zoopsa za yoyamba ija anakapeza nyimbo ndi milandu ya m'khoti. Inathera pa madola 200 miliyoni ndi pang'ono.

Amene anasowa ndi ndani

Okonda ndi mtima wonse aja ndi ambiri, koma paokha sangafikitse filimu pa 500 miliyoni. Pamafunika munthu wamba, amene sadziwa kuti Thanos ndi mwana wa yani, amene amapita ku sinema kawiri kapena katatu pachaka, amene amatenga mkazi ndi ana chifukwa aliyense kuntchito akukamba za filimuyo. Kwa ine nkhani yonse yagona pa munthu ameneyu. Pakati pa 2012 ndi 2019 ankabwera. Kuchokera pamenepo amayamba waganiza kaye, ndipo makampani omwewa ndi amene anamupatsa zifukwa zoganizira.

Chifukwa choyamba n'chakuti nkhani zake zinalukanalukana mopitirira. Pachiyambi kulumikiza mafilimu kunali nzeru. Ukaonera ya Iron Man unkafuna ya Captain America, kenako onse n'kukumana mu Avengers. Captain Marvel ya mu Malichi 2019, imene The Marvels ndi yotsatira yake, inapindula kwambiri ndi zimenezi. Inatuluka pakati pa Infinity War, imene inatha theka la ngwazi zitasanduka fumbi, ndi Endgame imene inali kubwera mwezi wotsatira. Aliyense ankafuna kudziwa ngati mayi ameneyu, Captain Marvel, ndi amene adzapulumutse anzake, ndipo filimuyo inagulitsa matikiti opitirira 1.1 biliyoni. Endgame inafika pafupifupi 2.8 biliyoni, n'kuitseka nkhani imene inatenga zaka 11.

Nkhani itatha, kampani sinapume. Disney inali itatsegula Disney+ mu Novembala 2019, malo ake oonetsera zinthu pa intaneti, ndipo ankafuna zodzazamo. M'chaka cha 2021 chokha Marvel inatulutsa mafilimu 4 m'masinema ndi masewero 5 a zigawozigawo pa Disney+. Mmene The Marvels inkafika inali filimu ya nambala 33, ndipo mwa akazi atatu amene ankatsogolera nkhaniyo, awiri anthu anawadziwira m'masewero a pa Disney+, WandaVision ndi Ms. Marvel. Amene sanalipire Disney+, kapena amene ali m'dziko limene kulibe, monga China, ankaona chikwangwani n'kufunsa kuti awiri enawa ndi ndani. Mkulu wa Disney pa nthawiyo, Bob Iger, anavomera poyera mu 2023 kuti kuchulukitsa kumeneku kunabalalitsa chidwi cha opanga ndipo kunatsitsa kukoma kwa zinthu zake.

Tikamaonera mafilimu omasulira m'Chichewa amene amayenda pa mamemori kadi kudutsa pa Calomue ndi pa Zobue, vutoli limamveka ndi makutu. Filimu ya nkhondo kapena ya karati, womasulira amangonena kuti uyu ndi mwini filimu, awa amuphera mchimwene wake, basi mwalowa m'nkhani. Ya Marvel ya masiku ano womasulira amathera mpweya pofotokoza kuti uyu anafa m'filimu ina koma uyu si yemweyo, ndi wa dziko lina lofanana ndi lathuli, ndipo mwala uwu unachokera m'filimu imene simunaione. Ifeyo tili ndi wotifotokozera. Bambo wa ku Ohio kapena wa ku São Paulo amene walipira tikiti alibe.

Nkhani ya maiko ofananafananayi inabweretsanso vuto lina. Tonse timadziwa kuti mwini filimu safa, komabe mtima umagunda chifukwa pali chinthu china chimene angataye. Pamene Iron Man anafa mu Endgame anthu analira m'masinema chifukwa ankakhulupirira kuti wapitadi. Koma ngati aliyense wakufa ali ndi mnzake wofanana naye m'dziko lina amene angabwere chaka chamawa, ndiye tiziopera chiyani? Mu Julayi 2024 analengeza kuti Robert Downey Jr., yemwe uja wa Iron Man, abwerera ku Marvel kudzasewera munthu wina, Doctor Doom. Okonda anakuwa ndi chimwemwe. Ine ndinangoona kampani imene yalephera kupeza nkhope zatsopano zoti anthu azikonde.

Ku DC, opikisana ndi Marvel amene ali ndi a Batman ndi Superman, anadzipweteka mwanjira ina. Kumapeto kwa 2022 Warner Bros., mwini wake wa DC, inapereka udindo wotsogolera mafilimu a DC kwa James Gunn ndi Peter Safran, ndipo mu Januwale 2023 iwo analengeza kuti ayambiranso nkhani zonse mwatsopano. Koma m'nkhokwe munali mafilimu 4 a dongosolo lakale amene anali asanatuluke: Shazam! Fury of the Gods, The Flash, Blue Beetle ndi Aquaman and the Lost Kingdom. Anthu amene kwa zaka 10 anaphunzitsidwa kuti filimu iliyonse ndi khomo la yotsatira anauzidwa kuti izi sizipita kulikonse. The Flash inathera pa madola pafupifupi 270 miliyoni. Aquaman yachiwiri sinafike ngakhale theka la 1.1 biliyoni imene yoyamba inapeza mu 2018.

Chifukwa chachiwiri ndi kudikira. Mliri wa Covid-19 usanabwere, filimu inkakhala m'masinema okha kwa masiku pafupifupi 90 isanapezeke pena paliponse. Nthawi ya mliri malamulowo anasweka. Warner Bros. inatulutsa mafilimu ake onse a 2021 m'masinema ndi pa HBO Max, malo ake oonetsera pa intaneti, tsiku limodzi. Disney inachita zomwezo ndi Black Widow mu Julayi 2021, mpaka wosewera wamkulu wa filimuyo, Scarlett Johansson, anaisumira kukhoti chifukwa malipiro ake ena ankadalira matikiti, ndipo anakagwirizana kunja kwa khoti. Mliri utatha, masiku 90 aja sanabwerere onse. Mafilimu ambiri tsopano amafika pa intaneti patangotha mwezi ndi theka kapena kuchepera. Ku America tikiti imodzi imapitirira madola 10, ndipo banja la anthu anayi likawonjezera mbuliwuli, zakumwa ndi mafuta a galimoto, ulendo umodzi umadya ndalama zokwanira kulipira Disney+ kwa miyezi ingapo. Bambo uja akamva kuti filimu ndi yongokhala bwinoko, osati yodabwitsa, amati tidzaionera kunyumba.

Kufulumira kumeneku kunathandizanso okopera mozemba, ndipo apa ndiye ife ndife mboni. Filimu ikangotuluka, yoyamba kufika kwa anyamata oika mafilimu m'mafoni imakhala ija yojambula ndi kamera m'kati mwa sinema: chithunzi chopendekeka, mawu ngati akuchokera m'chipinda china, mutu wa munthu ukudutsa kutsogolo popita kuchimbudzi, wina akutsokomola chapafupi. Ambiri amaikana, amati tidikira yoyera. Kale yoyerayo inkatenga miyezi. Tsopano tsiku limene filimu yaikidwa pa intaneti mwalamulo, mawa lake yoyera ili paliponse, kwa aliyense amene ali ndi mamega okwanira.

Pamenepa tinenenso chilungamo cha ife eni. M'chiwerengero cha Lolemba chija mulibemo Angonia, Macanga, Tsangano kapena Chifunde. Nyumba ya vidiyo ikadzaza ku Domwe, ndalama zachitsulo zimene ana apereka pakhomo zimathera kwa mwini nyumba, ku mafuta a jenereta kapena ku magetsi, ndipo ku Hollywood sikufika kalikonse. Matikiti owerengeka mu Africa muno amagulidwa m'masinema a m'mizinda ngati Johannesburg, Nairobi, Lagos ndi Maputo, ndipo onse pamodzi ndi kadontho poyerekeza ndi America kapena China. Filimu ikhoza kukhala pakamwa pa mnyamata aliyense wa kabaza ku Ulongwe, koma n'kukhala yoluza m'mabuku a eni ake. Kutchuka ndi kugula tikiti ndi zinthu ziwiri, ndipo si kuno kokha.

China ndiye inawasiya pamtetete. Kwa zaka zingapo dzikolo linali chitetezo cha mafilimu otere. Aquaman yoyamba inapeza madola pafupifupi 290 miliyoni ku China kokha, Endgame inapeza opitirira 600 miliyoni. Makampani anazolowera kuika ndalama zimenezi m'masamu awo asanayambe n'kujambula komwe. Kenako kuchokera pakati pa 2019 mpaka mu Febuluwale 2023 palibe filimu ya Marvel Studios imene inaloledwa kuonetsedwa kumeneko. Khomo litatsegukanso, anthu anali atatembenukira ku mafilimu a kwawo, ndipo The Marvels sinapeze ngakhale madola 20 miliyoni. Si kuti anthu a ku China anasiya kupita ku sinema: mu 2025 filimu yawo ya makatuni, Ne Zha 2, inapitirira madola 2 biliyoni, pafupifupi onse a m'dziko momwemo. Msika wa ku Russia nawo unatsekeka mu 2022 makampani a ku Hollywood atasiya kutumizako mafilimu chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine.

Pali zina zongogwera filimu imodzi. Osewera mafilimu ku America anali pa sitalaka kuyambira pa 14 Julayi mpaka pa 9 Novembala 2023, ndipo malamulo a bungwe lawo ankawaletsa kutsatsa ntchito zawo. The Marvels inatuluka pa 10 Novembala, kutanthauza kuti miyezi yonse yotsatsa inadutsa osewera ake ali chete. The Flash inanyamula mbiri ya milandu ya wosewera wake wamkulu, Ezra Miller, amene kampani inamubisa kwa atolankhani, ndipo inatuluka patangotha masabata awiri Spider-Man: Across the Spider-Verse itatuluka, imene inali ndi nkhani ya maiko ofananafanana yomweyo koma anthu n'kuikonda kwambiri. Jonathan Majors, amene Marvel inamukonzera kukhala mdani wamkulu wa mafilimu angapo otsatira, anapezeka wolakwa kukhoti mu Disembala 2023 ndipo anamuchotsa tsiku lomwelo.

Ena amati mafilimu amagwa chifukwa chotsogoza akazi, ena amati amagwa chifukwa cha magulu a pa intaneti amene amanyoza mafilimu otsogoza akazi asanawaone n'komwe. Magulu amenewo alipodi, ndipo Brie Larson, wosewera Captain Marvel, anamulalatira kwambiri. Koma anamulalatiranso chimodzimodzi mu 2019, filimu yake n'kupitirira biliyoni. Phokoso la pa Facebook ndi pa YouTube ndi lalikulu, koma silikwanira kufotokoza kutsika kuchoka pa 1.1 biliyoni kufika pa 206 miliyoni.

Kodi anthu atopa nazo?

Yankho limene limamveka kwambiri ndi lakuti anthu angotopa nazo ngwazi zovala zothinazi. Ndimalikayikira likanenedwa lokha. Spider-Man: No Way Home inatuluka mu Disembala 2021, mliri usanatheretu, ndipo inapeza madola 1.9 biliyoni osaonetsedwa ku China. Guardians of the Galaxy Vol. 3 inapeza 845 miliyoni mu 2023, chaka chomwecho chimene The Flash ndi The Marvels zinagwa. Deadpool & Wolverine ya mu Julayi 2024 inapitirira 1.3 biliyoni, chikhalirecho inali yoletsedwa kwa ana opanda wamkulu. Anthu otopa sachita zimenezo.

Koma tayang'anani zimene zinawakoka. No Way Home inabweretsa pamodzi amuna atatu amene anasewerapo Spider-Man kuyambira 2002. Deadpool & Wolverine inabweza Hugh Jackman, amene anayamba kusewera Wolverine m'chaka cha 2000. Guardians inali yotsanzikana ndi gulu limene anthu analidziwa kuyambira 2014. Zonsezi zinali ndi chifukwa choti munthu apite sabata yomweyo, anzake asanamuululire mathero.

Ena amati yankho ndi losavuta, ingopangani filimu yabwino. Bwenzi zili choncho, Thunderbolts* ya mu Meyi 2025 ikanapambana. Olemba za mafilimu anaiyamikira, oonera anaipatsa A-, koma inathera pa madola pafupifupi 380 miliyoni, itadya 180 miliyoni poipanga. Ngwazi zake zinali za m'mbali, zina zochokera m'masewero a pa Disney+ omwe aja. Mu 2014 Marvel inatha kugulitsa Guardians of the Galaxy yoyamba, filimu ya chimtengo cholankhula ndi kanyama konyamula mfuti, anthu osazidziwa n'komwe, chifukwa dzina la Marvel palokha linali lokwanira. Chimene chatha ndi chimenecho. Kale filimu yongokhala bwinoko inkapeza 600 kapena 700 miliyoni chifukwa cha chizindikiro cha pachikwangwani. Lero imapeza 200 mpaka 400, pamene mtengo woipangira udakali wa nthawi ya Endgame.

Makampani aziona zimenezi. Warner Bros. inafika potsekera m'kabati filimu ya Batgirl mu Ogasiti 2022, itajambulidwa kale ndi madola pafupifupi 90 miliyoni, poona kuti kuiwerengera ngati chitayiko pa msonkho kuli bwino kusiyana ndi kulipiranso zoitsatsa. Marvel Studios inatulutsa filimu imodzi yokha m'chaka cha 2024, ndipo Iger ananena kuti kutsogoloku azitulutsa awiri kapena atatu pachaka.

Ngakhale muyezo wa kupambana wasintha. Man of Steel ya 2013 inagulitsa matikiti a madola pafupifupi 670 miliyoni, ndipo panthawiyo ena ankati kwa Superman zimenezo n'zoperewera. Superman ya James Gunn, ya mu Julayi 2025, inapeza 600 miliyoni ndi pang'ono, zochepera pa ija ngakhale kuti matikiti anakwera mtengo m'zaka 12 zimenezi, ndipo zoposa theka zinachokera ku America ndi Canada kokha. Warner Bros. inaitenga ngati chipambano, n'kulengeza yotsatira yake ya 2027.